Kumanga ndi dothi la pamunda pathu: phunziro la maziko, khoma ndi denga

Cimanga, nshawa ndi soya zikagulitsidwa, ndalama yoyamba ya alimi ambiri imapita ku nyumba. Kuyambira mwezi wa Juni kufikira Seputembala, m'mphepete mwa madambo a ku Katete, Petauke ndi Lundazi mumadzaza mizere ya njerwa zoyanika, ndipo usiku moto wa mauvuni umaonekera kutali. Nyumba ya njerwa zoocha ndi malata ndiyo yakhala cizindikiro cakuti banja latukuka, ndipo kufuna nyumba yabwino si mlandu. Komatu uvuni sudya tinthambi. Umafuna zipika zikuluzikulu zoti ziyake usana ndi usiku kwa masiku angapo, ndipo zipikazo zimacokera ku mombo, mtondo ndi msuku, mitengo imene inatenga zaka makumimakumi kuti ikule. Kumene mitengo ya m'chire yatha, nkhwangwa yayamba kulowa m'mango ndi m'misangu ya m'munda momwe. Munthu amene wagwetsa msangu kuti aochere njerwa watenthetsa manyowa a zaka zonse zimene mtengowo ukanayoyolera masamba m'cimanga cake. Anansi athu a ku Malawi analiona vutoli kufikira pakuti mu 2018 boma lao linaika malamulo oletsa njerwa zoochedwa ndi nkhuni pomanga nyumba za boma ndi zamalonda.

M'phunziro lino tikufuna tione ngati kuocha njerwa kuli kofunikadi, ndi kumene ndalama yocepa ya mlimi iyenera kupita kuti nyumba, nkhokwe kapena khola zikhale zaka zambiri. Tikulembera inu amene muli pa maphunziro tsopano, pamodzi ndi inu amene munabwerera kumudzi ndipo mwayamba kuganizira zomanga.

Cimene cimagwetsa khoma

Anthu ambiri amati nyumba ya njerwa zosaocha, zimene ena amazicha zidina, imagwa cifukwa dothi ndi lofooka. Dothi louma ndi lotsendereka bwino limasenza denga la nyumba yapansi popanda vuto. Cimene cimaligonjetsa ndi madzi. Mukayenda m'mudzi mvula itangotha, yang'anani makoma amene aonongeka, ndipo mudzapeza kuti ambiri adyeka m'munsi, kuyambira pansi kufika ca m'bondo. Madzi ogwa kucokera ku denga amathovukira pakhoma, ena amadikha m'mbali mwa nyumba, ndipo ena amakwera m'kati mwa khoma kucokera m'nthaka monga momwe palafini amakwerera m'cingwe ca nyali. Khoma likadyeka m'munsi limakhala ngati mtengo wotemedwa mbali imodzi, ndipo limangodikira cimphepo.

Umboni wakuti dothi limakhalitsa ulipo. Mzikiti waukulu wa ku Djenné m'dziko la Mali, womangidwa ndi njerwa zadothi zosaocha, unamangidwanso mu 1907 ndipo ukali ciimire. Mvula ya kumeneko ndi yocepa poyerekeza ndi yathu, koma ngakhale zili tero anthu a mumzindawo amasonkhana caka ndi caka kuumata mwatsopano. Amayi athu amene amazira makoma ndi makonde mvula isanayambe amacita nchito yomweyo, ngakhale kuti sacitirapo mwambo waukulu.

Tsono ngati mdani ndi madzi, ndalama iyambire ku maziko ndi denga. Taona nyumba zambiri za njerwa zoocha zokongola zitang'ambika kucokera pazenera kufika pansi cifukwa mwini wake anathera ndalama pa njerwa ndi kukumba maziko akuya ngati mzere wa mbatata.

Malo ndi maziko

Musanakhome cikhomo coyamba, pitani pamalopo mvula ikugwa ndi kuona kumene madzi amayenda. Malo okwera pang'ono ndiwo abwino. Pewani dothi lakuda la makande, limene limafufuma m'dzinja ndi kung'ambika m'cilimwe, pakuti nyumba yomangidwa pamenepo imakwera ndi kutsika pamodzi ndi nthaka mpaka khoma litasweka. Cotsani zitsa, mizu ndi zidutswa zonse za mitengo. Citsa cotsala pansi pa nyumba ndi cakudya cimene mwaikira ciswe, ndipo cikatha ciswe cimakwera kukafuna mapaso.

Pokonza ngodya, gwiritsani nchito cingwe. Yezani mamita 3 mbali imodzi ndi mamita 4 mbali inayo. Ngati mtunda wopingasa pakati pa nsonga ziwirizo uli mamita 5, ngodya yanu yaongoka. Nyumba yopindika ngodya imavuta pokhoma malata, ndipo malata odulidwa mokhotakhota ndi ndalama yotayika.

Kumbani maziko kupitirira dothi lapamwamba lacondelo kufikira mutapeza nthaka yolimba. M'malo ambiri zimenezi zimakhala masentimita 45 mpaka 60, koma mulingo weniweni ndi kulimba kwa nthaka. Kumene kuli miyala, monga m'midzi ya m'mphepete mwa mapiri, maziko a miyala ndiwo ochipa ndi olimba koposa, ndipo miyala imene mwatola m'munda yapeza nchito. Mazikowo akwere pamwamba pa nthaka masentimita 30. Pamwamba pake yalani pulasitiki yakuda yocindikala musanaike mzere woyamba wa njerwa, kuti cinyontho ca m'nthaka cilekezere pomwepo. Pulasitiki imeneyi mtengo wake sufika pa nkhuku ziwiri kapena zitatu, koma amisiri ambiri amaidumpha ngati mwini nyumba palibe. Mbali ya maziko yoonekera kunjayo isiyeni poyera, musaunjikepo nkhuni kapena dothi, kuti ciswe cikamanga njira yake muione msanga ndi kuiphwasula.

Ngati muli ndi njerwa zoocha zocepa, zotsala kapena zocokera ku nyumba yakale, malo ake ndi ano: m'maziko ndi m'mizere itatu kapena inayi ya m'munsi. Sitikunena kuti njerwa yoocha ndi yoipa. Tikunena kuti siifunika pakhoma lonse.

Kuyesa dothi

Dothi lililonse siliumba njerwa yabwino. Lapamwamba, lokhala ndi zinyalala zoola, libwezeni kumunda. Lomangira ndi la pansi pake, monga katondo. Tengani botolo loonekera, thiranimo dothi kufika gawo limodzi mwa atatu, dzazani madzi, ikanimo kamcere pang'ono ndipo khuchumulani kwambiri. Mcenga umakhala pansi m'mphindi yocepa, dothi losalala limatsatira, ndipo dongo limatenga tsiku lathunthu kapena kupitirira. Dothi loyenera njerwa limakhala ndi mcenga woposa theka, ndi dongo lokwanira kugwirizanitsa zonse, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu kapena kucepera pang'ono. Dongo likaculuka, njerwa imang'ambika pouma, ndipo mankhwala ake ndi kuonjezera mcenga. Mcenga ukaculuka, njerwa imayoyoka m'manja.

Dothi la paculu ambiri amalikonda cifukwa limagwira, koma kawirikawiri limakhala ndi dongo lambiri ndipo limafuna mcenga. Kumbukiraninso kuti culu comweco ndico ena a inu mumathira m'munda wamcenga kuti cimanga cicite bwino. Umbani njerwa zisanu zokha zoyesera, zosakaniza mosiyanasiyana, ndi kuziyanika pamthunzi musanalembe anyamata oumba zikwi zitatu.

Njerwa zotsendera

Pakati pa zidina ndi njerwa zoocha pali njira yacitatu, ndiyo njerwa zadothi zothira simenti pang'ono ndi kutsenderedwa m'makina a manja. Makina oyamba otere, ochedwa CINVA-Ram, anapangidwa ndi Raúl Ramírez ku Bogotá m'dziko la Colombia m'zaka za m'ma 1950, ndipo kuyambira pamenepo afalikira m'maiko ambiri. Ena amatulutsa njerwa zolowana, zosafuna matope ambiri pomanga. Safuna magetsi kapena dizilo. Amafuna anthu anayi kapena asanu ndi mphamvu zao.

Dothi limasefedwa likali louma, ndipo ndowa imodzi ya simenti imasakanizidwa ndi ndowa za dothi 16 mpaka 20, malinga ndi mtundu wa dothilo. Sakanizani zouma mpaka mtundu ukhale umodzi, kenaka wazani madzi pang'onopang'ono. Pano ndi pamene ozolowera kuumba zidina amasocera, pakuti dothi lotsendera silikhala matope. Fumbatani dothi m'dzanja ndi kuligwetsa kucokera m'ciuno. Likaphwanyika zidutswa zinayi kapena zisanu, madzi akwanira. Likangophwathalala, madzi aculuka. Likamwazika ngati ufa, acepa. Dothi limene mwathira madzi lithe m'ola limodzi, cifukwa simenti ikayamba kugwira siidikira munthu amene wapita kukadya nsima.

Njerwa zikatuluka, ziikeni pamthunzi, zifundikeni ndi pulasitiki kapena udzu, ndipo muziziwaza madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7. Zimafika pa mphamvu yake yeniyeni pakatha masiku 28. Simenti imalimba ndi cinyontho, cotero njerwa yoyanikidwa padzuwa tsiku loyamba imaoneka youma bwino koma m'kati ndi yofumbutuka. Ambiri amene amati njerwa zotsendera sizilimba anazifulumizitsa pa masiku amenewa.

Tiwerenge ndalama poyera. Njerwa ya masentimita 29 m'litali, 14 m'lifupi ndi 9 msinkhu imalowa pafupifupi 30 pa khoma la mita imodzi m'litali ndi mita imodzi msinkhu. Nyumba ya mamita 8 m'litali ndi 6 m'lifupi, pamodzi ndi makoma a zipinda, ingafune njerwa zokwana 3,000. Thumba la simenti la makilogalamu 50 limatulutsa njerwa pafupifupi 100, ndiye kuti matumba 30. Imeneyo si ndalama yocepa kwa mlimi wa maekala atatu. Ndiponso simenti ili ndi mlandu wake pa cilengedwe. Popanga simenti, monga ku Chilanga kumene fakitale inayamba mu 1949, miyala ya laimu imatenthedwa kufika madigiri 1,450, ndipo mafakitale a simenti a pa dziko lonse amatulutsa pafupifupi magawo 8 mwa 100 a mpweya wa kaboni umene ukutenthetsa dziko. Maganizo athu ndi akuti njerwa zotsendera zipite kumakoma akunja amene amakumana ndi mvula, ndipo makoma a zipinda za m'kati amangidwe ndi zidina wamba kapena mdindo, pakuti mvula siifika kumeneko. Za makinawo, mutu umodzi susenza denga: kalabu ya alimi kapena gulu losunga ndalama lingagule amodzi ndi kumabwerekana, ndipo anyamata amene aphunzira kuwagwiritsa nchito apeza nchito ya m'cilimwe.

Wosankha zidina zokhazokha amange khoma locindikala. Msinkhu wa khoma usapitirire kakhumi kucindikala kwake, ndiye kuti khoma la masentimita 30 lisakwere kuposa mamita 3.

Mmene nyumba imasenzera katundu wake

Kulemera kwa malata kapena udzu kumatsikira pa mapaso, kucoka apo pa mitanda, pakhoma, pa maziko, kenaka m'nthaka. Paliponse pamene njira imeneyi yaduka, nyumba imang'ambika pomwepo. Khomo ndi zenera ndi malo amene njirayo yaduka, ndipo n'cifukwa cake pamwamba pake pamafunika mtanda wolimba wolowa m'khoma masentimita 20 kapena kupitirira mbali zonse ziwiri. Musaike zenera kapena khomo pafupi kwambiri ndi ngodya. Siyani masentimita osacepera 60, pakuti ngodya ndiyo imagwirizanitsa makoma awiri. Pomanga, mpata wa pakati pa njerwa usalunjike ndi mpata wa mzere wapansi pake. Khoma lalitali lopanda cipinda, monga la shedi ya fodya kapena la nyumba ya nkhuku, limafuna nsanamira zomangidwira m'khoma momwemo pa mamita atatu kapena anayi alionse.

Pamwamba pa makoma onse pazungulire lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo, kapena wa matabwa olumikizidwa bwino m'ngodya. Lamba ameneyu amagwira nyumba monga momwe luzi limagwirira nkhokwe. Ngati simenti yanu ndi yowerengeka, kuli bwino kucedwetsa pulasitala koma lamba akhalepo.

Pali katundu wina amene sakankhira pansi. Cimphepo ca mvula zoyamba cimanyamula denga kupita m'mwamba, ndipo malata ndi opepuka. Miyala ndi matayala amene timaona pamwamba pa nyumba zambiri zimationetsa kuti dengalo silinamangiriridwe ku khoma. Mangani mitanda ndi waya wocindikala wopinda pawiri, wozungulira pansi pa lamba kapena wolowa m'khoma mizere isanu ndi umodzi kutsika pansi. Msomali ukhomedwe pamsana pa lata, ndipo m'mphepete mwa denga, mmene mphepo imayambira kusendeza, misomali iculuke. Mitengo ya denga ilumikizidwe mwa ngodya zitatu, cifukwa cimango ca ngodya zinayi cimapendekeka cikakankhidwa pamene ca ngodya zitatu sicisuntha. Denga lotsetsereka mbali zonse zinayi, ngati la nyumba za makolo athu, limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri.

Denga lituluke kunja kwa khoma masentimita 60 kapena kuposa. Ambiri amafupikitsa pano kuti apulumutse malata, ndipo khoma ndilo limalipira caka ciliconse. Khonde lozungulira nyumba ndi labwino koposa, koma denga lotambalala limakolanso mphepo yambiri, cotero nsanamira za khonde zimangiriridwe pansi ndi pamwamba pomwe. Wofolera ndi udzu wa tsekera aimike denga motsetsereka kwambiri, pa madigiri 45, kuti madzi asakhalitse m'udzu. Udzu wofoleredwa bwino umazizira mu Okutobala ndi kufunda mu Juni, ndipo suli wonyozeka konse. Malo ogona alendo a ku South Luangwa amalipiritsa madola pa zipinda zofolera ndi udzu womwewu.

Kutentha

Nyumba ya malata yotsika denga, yokhala ndi tizenera tiwiri, imasanduka uvuni mu Okutobala. Francis Kéré, mwana wa m'mudzi wa Gando ku Burkina Faso, anaphunzira m'kalasi lotere ali mwana. Atapita ku Germany ndi kuphunzira zomangamanga, anabwerera kwao ndi kumanga sukulu ya pulayimale pamodzi ndi anthu a m'mudzimo, imene inatha mu 2001. Makoma ake ndi a njerwa zadothi lakomweko lothira simenti pang'ono. Malata anawakweza pa zitsulo pamwamba pa siling'i ya njerwa, nasiya mpata woti mphepo izidutsa pakati, kotero kuti kutentha kwa malata sikutsikira pa ana. Dengalo ndi lotambalala, lochinjiriza makoma ku mvula. Poyamba anthu akwao anakayika, pakuti anayembekezera kuti munthu wocokera ku Ulaya abweretsa konkire. Mu 2022 Kéré analandira mphoto ya Pritzker, yaikulu koposa kwa akatswiri olemba mapulani a nyumba, ndipo anali woyamba wa mu Africa kuilandira.

Ife tingatengepo zimene tingakwanitse. Mpweya wotentha umakwera, cotero siyani tiziboo pamwamba pa khoma, pansi pa denga, tochinga ndi sefa kuti udzudzu ndi mileme zisalowe. Mazenera ayang'anizane kuti mphepo ilowe uku ndi kutulukira uko. Siling'i ya bango kapena ya nsungwi zong'amba imacepetsa kutentha kwambiri. Makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kumwera, ndipo kumadzulo, kumene dzuwa lamasana limaomba mwaukali, kukhale khoma lalifupi ndi mtengo wamthunzi. Mtengowo ukhale patali ndithu, ndipo usakhale bulugamu kapena malaina, amene mizu yake imafika pansi pa maziko. Malamulo omwewa ndiwo a nyumba ya nkhuku, pakuti nkhuku zoikira zikamva kutentha zimacepetsa kudya ndi kuikira.

Mitengo yomangira ndi madzi a padenga

Mlimi amene akuganiza zomanga zaka zisanu zikubwerazi abzale mitengo ya denga lake m'dzinja lino. Kagawo ka bulugamu kutali ndi dimba ndi citsime, ndi zitsinde zingapo za nsungwi m'mphepete mwa mtsinje, zimapereka mapaso ndipo zimaphukanso zikadulidwa. Nsungwi zimachinjirizanso gombe kuti lisagumuke. Dulani nsungwi zokhwima, za zaka zitatu kapena zinayi, m'nyengo youma, ndipo muziviike m'madzi oyenda kwa masabata atatu kapena anayi kuti zotsekemera zimene zimakopa afumbwe zicoke, kenaka muziumitse pamthunzi. Mtengo uliwonse wosathira mankhwala usakhudze dothi. Nsanamira ikhale pamwala kapena pakonkire. Mitengo yogula yothira mankhwala, yooneka mobiriwira, imakhalitsa, koma zidutswa zake musaphikire kapena kuotha, cifukwa utsi ndi phulusa lake zili ndi poizoni. Pa mitengo ya m'chire, lamulo la zankhalango la mu 2015 lilipo, ndipo ndi bwino kufunsa amfumu ndi a ofesi ya zankhalango nkhwangwa isanagwire nchito.

Za madzi, milimita imodzi ya mvula yogwa pa denga la mita imodzi m'litali ndi m'lifupi imapereka lita imodzi. Nyumba yathu ija ya mamita 8 ndi 6, denga lake litatuluka masentimita 60 mbali zonse, ili ndi denga la masikweyamita pafupifupi 66. Ku Chipata mvula imagwa pafupifupi mamilimita 1,000 pa caka cabwino, ndiye kuti malita 66,000, kapena madilamu a malita 210 oposa 300. Madzi onsewo akapanda kulandiridwa amagwera m'tsinde mwa khoma. Pambuyo pa cilala ca 2023 ndi 2024, cimene boma linacilengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse, palibe mlimi angakane kuti madzi amenewa ndi cuma. Ngalande ya malata yolowa m'thanki imasunga ena a iwo, ndipo osefukira muwatsogolere m'dzenje la nthoci mamita atatu kapena anayi kucokera pa nyumba. Madzi a mvula yoyamba atayike, cifukwa amatsuka fumbi ndi zitosi, ndipo thanki ikhale yovundikira. Madzi a padenga la udzu ndi othirira mbeu basi. Dzenje limene munakumbamo dothi la njerwa musalisiye lapululu pafupi ndi ana ndi ziweto. Likwirireni, kapena licingireni mpanda ndi kulisandutsa la manyowa.

Amene simunamangepo ndi njerwa zotsendera, yambani ndi kanyumba kakang'ono, monga kosungiramo mbeu kapena ka nkhuku, ka mamita 3 mbali zonse. Kangafune njerwa pafupifupi 700 ndi matumba 7 a simenti, ndipo mudzaphunzirirapo zonse: kuyesa dothi, maziko, pulasitiki, lamba ndi kumangirira denga. Mukaumba njerwa mu Julayi, zidzakhala zitakhwima mu Ogasiti, ndipo denga lidzakhala litakhomedwa mvula ya Novembala isanafike. Mvula ikagwa mwezi wathunthu, zungulirani kanyumbako ndi kukanda m'munsi mwa khoma lililonse ndi msomali, ndipo mulembe m'buku lanu la pamunda mbali imene yafewa ndi mbali imene mvula inacokera.